Laputopu ya a Bonifasio Itasiya Kuchedwa

A Bonifasio Mumba anabadwira m'mudzi wina wa kwa Mphuka, m'mbali mwa Zambezi, m'banja la asodzi okhaokha. Atate awo anali msodzi, amalume awo onse asodzi, ngakhale alongo awo anakwatiwa ndi asodzi. Iwo okha ndiwo anabadwa ndi m'mimba modana ndi bwato. Akangopondamo, zimene anadya dzulo zinkafuna kubwerera kumene zinalowera. Atate awo atayesa kangapo anatopa nawo, n'kuwasiya kumtunda kuti azipirikitsa mbalame ndi anyani m'munda wa mapira. Kumundako ndiko anaphunzira luso lawo lalikulu, kukamba tsiku lonse popanda woyankha.

Atakula anapita ku Lusaka kwa msuweni wawo amene anali ndi kashopu kotaipa makalata ku Kamwala. Ntchito yawo inali kusesa ndi kutumidwa, koma maso anali pa zala za msuweniyo. Atakhalako zaka zingapo, fumbi ndi mabasi a m'tauni zitawakwana, anabwerera ku Feira, kumene ambiri amangoti pa Boma, atanyamula laputopu yogula kwa munthu. Inali yakale kale pamene ankaigula, yonenepa, yolemera moti lamba wa chikwama unkawasiya mzere paphewa.

Anamanga kantemba, kashopu kakang'ono, pafupi ndi msika, panjira yotsikira ku doko, n'kuika benchi pansi pa mtengo. Ankataipa makalata ofunsira ntchito, koma ntchito yeniyeni inali yoika nyimbo m'mamemore khadi. Asodzi ankafuna sungura ndi kalindula zoti ziziwayimbira m'tiwailesi tawo ali pamadzi, amayi ankafuna za kwaya, achinyamata ankafuna zonse zimene zatuluka sabata imeneyo. Zonsezi zinkakhala mu hadi, kachipangizo kosungira zinthu mkati mwa laputopu. Hadi ya a Bonifasio inali yaikulu, ndipo anali ataidzaza mpaka pakhosi.

Vuto lake linali kuchedwa. Munthu unkatha kuiyatsa, kupita kukapereka moni kwa onse a mumsika, kufunsa za odwala, n'kubwerera iyo ikadali kuganiza. Ikayamba kufunafuna nyimbo inkalira kuti krrr krrr, mpaka anthu anaitcha Chigayo. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Feira likamaotcha ndi mthunzi womwe, Chigayo chinkatentha n'kuchedwa kwambiri, ndipo a Bonifasio ankachikupiza ndi katoni ngati wodwala malungo.

Koma palibe ankachoka. Munthu akapereka memore yake ankakhala pa benchi, a Bonifasio n'kuyamba nkhani. Ankadziwa ng'ona imene inaba ukonde wa ndani, mtengo wa masau ku Luangwa Bridge, ndi chifukwa chenicheni chimene mwamuna wina anasamukira ku Zumbo osatsanzika. Nyimbo zikamamaliza kulowa, ena ankapempha kuti amalize kaye nkhaniyo.

Pa benchi lomwelo ndi pamene anapezera mkazi. Emeldah anali mtsikana wa kwa Mburuma, wokhala kwa azakhali ake pa Boma, ndipo ankayenda ndi ndowa ya vitumbuwa pamutu. Tsiku lina anabwera kudzaikitsa nyimbo za kwaya. Chigayo chinachedwa tsiku limenelo kuposa masiku onse, anthu a pa benchi anamva njala, ndipo pamene nyimbo zinkatha kulowa, mu ndowa munali mutatsala mafuta okha. M'mawa mwake Emeldah anabweranso.

"Memore ili kuti?" anafunsa a Bonifasio.

"Ndilibe," anatero iye akutula ndowa. "Ndabwera kudzadikira chabe."

Anadikira mwezi, anadikira miyezi, ndipo a Bonifasio anapeza kuti nkhani zawo zabwino zonse akuzikamba atayang'ana mbali imodzi. Anakwatirana, Mulungu anawapatsa mwana wamkazi dzina lake Lukundo, ndipo kuyambira pamenepo ankaitanana Chinsenga, awisi Lukundo ndi anyina Lukundo. A Emeldah anasiya kuyenda ndi ndowa. Anaika mbaula pambali pa kantemba, n'kuwonjezera chigubu cha chakumwa cha munkoyo. Mwamuna ankachedwetsa anthu, mkazi n'kumawadyetsa, ndipo panyumba sipankasowa mchere.

Zinthu zinasokonekera pa ukwati. Mwana wa mlongo wawo ankakwatiwa m'mudzi wina cha ku Katondwe, ndipo banja linagwirizana kuti nyimbo aziimbitsa amalume. A Bonifasio anakulunga Chigayo m'chitenge, anachimanga pakaliya ya njinga ndi malegeni, n'kunyamuka. Atasiya msewu waukulu, njira inali ya miyala ndi maenje. Pena mbuzi inadumphira kutsogolo kwawo, iwo anaizemba, njinga n'kukagwera m'kamgula. Anadzuka, anapukuta bondo, ndipo pomva kuti palibe chasweka anapitiriza ulendo akuimba mluzu.

Kuukwatiko laputopu inayaka, koma kulira kwake kunali kwachilendo. Pakati pa krrr pankamveka tiki, tiki, tiki, ngati nkhuku ikujompha mbale. Nthawi ya lainapu itakwana, anyamata ndi atsikana amene anaphunzira sitepe mwezi wathunthu anatuluka awiriawiri, nyimbo ikugunda, amayi akululutira. Atafika pakati pa bwalo, pamalo pokweza mwendo, nyimbo inangoti zii. Onse anaima mwendo umodzi uli m'mwamba, poganiza kuti ibwera. Inabweradi, koma liwu limodzi lokha, lobwerezabwereza ngati munthu wa chibwibwi, kenako zii.

"Amalume!" anakuwa mayi wophunzitsa lainapu. "Ana aima!"

"Ikuganiza," anatero a Bonifasio thukuta lili kamukamu. "Dikirani pang'ono. Paja ndinakuuzani za ng'ona ija?"

Palibe amabwera ku ukwati kudzamva za ng'ona. Amayi achikulire ndiwo anapulumutsa zinthu, anayamba kuomba m'manja n'kuimba, wina anabweretsa ng'oma, lainapu n'kumaliza ndi sitepe imene sinaphunzirepo. Ukwati unakoma ndithu, koma a Bonifasio anadya mpunga wawo kuseri kwa nyumba, ndipo anabwerera asanatsanzike kwa apongozi a mwanayo.

Tsiku la msika anatengera Chigayo kwa Dário, mwamuna wa ku Zumbo amene amawoloka mtsinje kudzakonza mafoni. Dário anamasula tizitsulo, anaika khutu pa hadi, n'kupukusa mutu.

"Iyi ikutsanzika, akulu. Mkati umu muli kambale kozungulira ndi kadzanja kowerenga. Mukaigwetsa kapena kuigwedeza kwambiri, kadzanjako kamakanda kambale. Mwaikweza njinga?"

"Pang'ono chabe."

"Mwaigwetsa?"

"Inagwa ndi mbuzi," anatero a Bonifasio.

Dário anatulutsa zinthu ziwiri m'chikwama. Chimodzi chinali hadi yatsopano, yaikulu ngati yakaleyo. China chinkaoneka chofanana nacho, koma chopyapyala. Anati dzina lake ndi SSD. Mulibe kambale, mulibe kadzanja, mulibe chilichonse choyenda. Siiopa maenje, siilira, siitentha kwambiri, batire imakhalitsa, ndipo laputopu imayaka munthu asanamalize kukhala pansi. Choipa chake n'chakuti mtengo wake ndi wolimba. Pa ndalama zogulira hadi yaikuluyo, SSD imene angapeze ingasunge gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a nyimbo zawo.

A Bonifasio anatenga hadi kudzanja lamanja, SSD kumanzere, n'kumazikweza mosinthana. Anapempha Dário kuti atsagane nazo ku kantemba, anyina Lukundo akaone.

A Emeldah anazigwira kamodzi kokha, n'kupita nazo kwa mayi wogulitsa kapenta kukabwereka sikelo. Anaikapo hadi, singano inagwedezeka. Anaikapo SSD, singano sinamve n'komwe kuti pabwera mlendo.

"Ndiye mukuti iyi yopanda kanthu ndiyo yodula?" anafunsa. "Awisi Lukundo, mukufuna tigule mphepo?"

Nkhaniyo inagawa benchi pawiri. A Samson, msodzi wachikulire amene anali kasitomala kuyambira tsiku loyamba, anaima ndi hadi. Anati bwato lalikulu ngakhale lichedwe limafika ndi katundu yense. A Harriet, mayi wa ku Lusaka amene boma linamutumiza kudzagwira ntchito pa Boma, anaima ndi SSD. Anati laputopu yawo ya ku ofesi ili nayo, ndipo yayenda m'galimoto mpaka ku Kavalamanja osadandaula.

"Ba Bonifasio, manje nthawi ndi yodula," anatero a Harriet. "Ine ndikabwera pano pa lanchi ndimabwerera ku ofesi anthu akuweruka."

"Ndifunseko," anatero a Samson atatembenukira kwa Dário. "Chigayo chatichenjeza, chikulira tiki tiki. Nanga iyi yopepukayi ikafuna kufa imalira?"

Dário sanafune kunama. "Kawirikawiri iyayi. Imakhala zaka zambiri, koma tsiku lake likafika imatha kungozima."

"Osadwala?"

"Osadwala."

"Chinthu chofa chosadwala sindingachisungitse nyimbo zanga," anatero a Samson, ndipo theka la benchi linavomereza.

Dário anawauza kuti kaya hadi kaya SSD, chinthu chokondedwa sichisungidwa pamalo amodzi, koma aliyense anali atayamba kale kukamba zake, ndipo mawuwo anapita ndi mphepo.

A Bonifasio anakhala masiku angapo akusinthasintha maganizo. Akamva a Samson ankafuna hadi, akamva a Harriet ankafuna SSD. Chimene chinadula mlandu ndi ana a sukulu. Ena mwa iwo anali ku ukwati kuja, ndipo podutsa pa kantemba anayamba kumaima onse mwendo umodzi m'mwamba, n'kuthawa akuseka. Tsiku la msika lotsatira a Bonifasio anaitana Dário.

"Ikani yopepukayo."

Kusamutsa nyimbo kunali ngati kusankha ana otengera ku tauni. Hadi yakale inali ikuwerengekabe pang'onopang'ono, ndipo a Bonifasio anakhala pambali pa Dário akuloza, iyi ipite, iyi itsale. Zatsopano zinapita, za kwaya zinapita chifukwa a Emeldah anali ataima kumbuyo kwawo. Sungura yakalekale, rumba ya zaka za atate awo ndi mafilimu a nkhondo zinatsala. Dário anaika hadi yakaleyo m'kabokosi kokhala ndi chingwe, kuti aziilumikiza kunja akafuna, koma anawachenjeza kuti isakwerenso njinga ndipo isadaliridwe.

Ataiyatsa laputopu, a Bonifasio anatembenuka kuti atenge katoni yawo yokupizira. Pobweza maso, inali itayaka kale, ili phee, ikuwadikira. Anachita mantha pang'ono. Kwa zaka zonsezo ndiwo ankadikira, ndipo sankadziwa chochita ndi makina odikira iwo.

Sabata yoyamba inali ya chisangalalo. Anthu ankabwera kudzangoona. Munthu akatchula nyimbo, asanamalize dzina lake yapezeka kale. A Harriet anataipitsa kalata n'kubwerera ku ofesi chakudya chawo chisanazizire. Magetsi akathima, batire inkapirira mpaka madzulo. A Bonifasio ankayenda mumsika chifuwa chili patsogolo.

Kenako anayamba kuona benchi. Linali lopanda munthu. Kasitomala ankafika, kupereka memore ali chiimire, kulandira, n'kupita. A Bonifasio ankayamba, "Mwamva za mvuu ya ku..." koma munthuyo ali kale kutsidya la msewu. Nkhani zinayamba kuwunjikana m'mimba mwawo. Madzulo ankazikhuthulira Lukundo, mpaka mwanayo anayamba kugona dzuwa lisanalowe. Tsiku lina anapezeka akufotokozera mbuzi ya eni ake za mtengo wa ukonde.

Kwa a Emeldah zinali zoipa kwambiri. Vitumbuwa vinkazizira mu ndowa, munkoyo unkasasa m'chigubu. Banja lonse linkadya vitumbuwa m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka Lukundo anafunsa ngati kunyumba kwawo kulibenso ndiwo.

"Awisi Lukundo," anatero a Emeldah tsiku lina akuzimitsa mbaula masana. "Chigayo chija chinkatidyetsa. Ichi mwagulachi chikuthamangitsa anthu."

"Sichikuthamangitsa. Chikuwathandiza msanga."

"Ndiye chiwathandize pang'onopang'ono."

"Sichidziwa kuchedwa."

"Inu mumadziwa."

A Bonifasio anawayang'ana akazi awo, akazi awo anawayang'ana iwo. M'mawa mwake laputopu inatembenuzidwa kuti kasitomala asaone galasi lake. Munthu akapereka memore, nyimbo zinkalowa msanga, koma a Bonifasio ankakwinya nkhope, kupukusa mutu, n'kunena kuti lero makina auka ndi mwendo woipa. Benchi linayambanso kudzaza, mbaula inayakanso. Poopa kuti anthu adabwa kusamva phokoso, a Bonifasio anaphunzira kuchita krrr krrr kukhosi milomo ili yotseka. Ndipo popeza manja sangakhale chabe, anapeza kamasewera ka makhadi mu laputopumo n'kumaseweretsa mbewa ya laputopuyo ngati munthu amene akulimbana ndi vuto lalikulu.

Zinayenda bwino kwa kanthawi, mpaka tsiku limene a Harriet anabwera ali pa changu. Anakhala pa benchi, anagula chitumbuwa, anagula china, anamwa munkoyo. Kenako anayang'anitsitsa magalasi a maso a a Bonifasio, mmene munkaoneka chithunzi cha zonse za pa laputopu.

"Ba Bonifasio, ikani khadi yofiira ija pa yakuda."

"Zikomo," anatero a Bonifasio, n'kuika.

A Bonifasio anazindikira chimene achita, ndipo mwa mantha anachita krrr krrr pakamwa pali potsegula. A Samson anaseka mpaka anatsamwa ndi chitumbuwa, anthu n'kumawamenya pamsana. A Harriet anatenga memore yawo, imene inali itadzaza kalekale, n'kunena kuti vitumbuwa viwirivo awerengere makinawo. Pofika madzulo msika wonse unali utamva, ndipo kwa masiku angapo aliyense wokumana ndi a Bonifasio ankawapatsa moni wa krrr krrr. A Emeldah anauza amayi anzawo kuti iwo sankadziwa chilichonse, ndipo anadzudzula amuna awo pagulu mwamphamvu kwambiri, mpaka ena anawamvera chisoni bambowo.

Kunyumba anakambirana mosakweza mawu. A Bonifasio anati mwina agulitse SSD abwerere ku hadi. A Emeldah anamaliza kusenda adyo, kenako anafunsa.

"Dário anati iyi siiopa maenje?"

"Anatero."

"Ndipo batire imafika madzulo?"

"Imafika."

"Nanga mukukhaliranji pano? Kwathu kwa Mburuma anthu ali ndi mafoni ndi tiwailesi, koma nyimbo amachita kutumiza munthu ku Boma. Atengereni. Kumeneko palibe ofesi yothamangira."

Anachita zomwezo. Masiku ena a sabata a Bonifasio amamanga laputopu pakaliya, ndowa ya vitumbuwa pamwamba pake, n'kupalasa kupita kumidzi ya kumtunda ndi kumisasa ya asodzi. Laputopu imadumpha maenje onse n'kukafika ili bwinobwino. Nyimbo zimalowa msanga, koma kumudzi mlendo sachoka asanapatsidwe mpando, ndipo anthu ake amafuna kumva zonse za pa Boma kuyambira pachiyambi. A Bonifasio amabwerera ndowa ili yopanda kanthu, mawu atasasa, nkhope ikuwala.

Pa kantemba napo zinthu zinakhazikika. Hadi yakale inapirira miyezi ingapo itagona pa chitenge chopinda, ndipo isanatsirizike anagula ina yaikulu ya kunja n'kusamutsiramo zonse zimene zinkawerengeka. Zina zinapita nayo, kuphatikizapo sungura imodzi imene a Samson amaidandaulabe mpaka lero. Tsopano wofuna zatsopano amathandizidwa ali chiimire, wofuna zakale amakhala pansi kuti ailumikize yaikuluyo, ifunefune mwaulemu wake. Ambiri amene amafuna zakale ndi anthu oti ngakhale pakanapanda laputopu akanakhalabe pansi.

Tsiku lina pobwerera kuchokera kwa Mburuma, a Bonifasio anapeza njovu zitatseka njira. Anthu a njinga ndi oyenda pansi anali ataima patali pansi pa mlambe, akudikira kuti zidutse, koma njovuzo zinali zikudya mosafulumira. A Bonifasio anatsika, anamasula malegeni, anatsegula laputopu pa chishalo, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi memore. Analipo. Vitumbuwa votsala vinatha pomwepo. Njovu zitachoka, mphunzitsi wina wochokera ku Chipata, amene anali atangotumizidwa kumene kuderalo, anatsala nawo kumbuyo akukankha njinga.

"Bambo, laputopu yanga ikuchedwa kwambiri," anatero mphunzitsiyo. "Mwaziona zonse ziwiri. Ndigule iti, hadi kapena SSD?"

"Mumayenda nayo?"

"Tsiku lililonse, panjinga."

"Muli ndi mafilimu ambiri?"

"Iyayi, mayeso a ana chabe."

"SSD," anatero a Bonifasio. Anayenda pang'ono, kenako anaima. "Kodi amayi kunyumba amagulitsa chiyani?"

"Sindinakwatire."

"Ndiye gulani lero lomwe."

Funso limeneli amafunsidwa kawirikawiri masiku ano, pakuti pa Boma amadziwika kuti ndi munthu amene anayesa zonse. Akakhala okha amayankha molunjika ngati mmene anayankhira mphunzitsi uja. Koma a Emeldah akakhala pafupi akutembenuza vitumbuwa, a Bonifasio amavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kunena kuti nkhani ya hadi ndi SSD ndi yaitali, siifuna munthu woimirira.